Kodi Thanthwe la ku Mikolongwe Lili ndi Zaka Zingati?

Dzina loti Mikolongwe likamveka pamsika wa ku Limbe kapena ku Mzuzu, anthu ambiri amaganiza za nkhuku, zakuda bii zija za mtundu wa Black Australorp, zomwe kwa zaka zambiri zakhala zikuchokera kufamu ya boma ya m'derali kupita m'makola a m'midzi. Ena amakumbuka sukulu ya ntchito zamanja ya DAPP. Ndi owerengeka okha amene amadziwa za Mwalawolemba, thanthwe la paphiri la Mikolongwe pomwe anthu amakedzana anasiyapo zojambula zawo. P. A. Cole-King anafotokoza za malowa m'kabuku komwe nthambi ya boma yosunga zamakedzana inatulutsa mu 1968.

Zojambulazo n'zakale ndithu, moti palibe gogo m'mudzi amene anganene kuti makolo ake anamuona wojambulayo. Koma poyerekeza ndi mwala womwe anajambulapo, ndi zadzulodzuloli. Thanthwe lomwe layala pansi pa minda ya ku Chiradzulu, Blantyre ndi Zomba, lomwe limabunthitsa khasu la mlimi ndipo amaliphulitsa kukwale ya ku Njuli kuti likamange misewu, lili ndi zigawo zomwe zinaumbika zaka zoposa 1,000 miliyoni zapitazo. Phiri la Mulanje, lomwe woyenda pamsewu wa Midima amaliona chakummawa tsiku lopanda mitambo, lili ndi zaka pafupifupi 130 miliyoni zokha. Kungoona ndi maso, Mulanje ndiye mkulu, pakuti amaposa onse msinkhu. Chonsecho ndi mng'ono, mng'ono wake wapatali zedi.

Ndiye wawerenga zakazi ndani, poti pomwe miyala yakaleyo inkaumbika kunalibe munthu, nyama, ngakhale udzu pamtunda?

Miyala yowira ndi miyala yofinyidwa

Pansi pa dziko m'potentha. Munthu akamatsika mumgodi wakuya, kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse, ndipo m'malo ena akuya kwambiri miyala imasungunuka n'kukhala chiphalaphala. Chikatulukira kunja paphiri lophulika, chiphalaphalacho chimauma msanga n'kukhala mwala wopanda njere zooneka. Koma chikakakamira pansi, makilomita angapo kuchokera pamwamba, chimazizira mwapang'onopang'ono kwa zaka masauzande ambirimbiri, ndipo njere zamitundumitundu zimapeza mpata wokula. Umu ndi mmene amabadwira granite, mwala wamawangamawanga uja amakongoletsera ziliza kumanda. Woyang'anitsitsa amaonamo njere zitatu: quartz woyera, feldspar wofiirira kapena wotuwa, ndi mica wakuda wonyezimira.

Granite ali ndi abale. Syenite amafanana naye, kungoti alibe quartz wambiri, ndipo ndiye mwala wa phiri la Chiradzulu lomwe limatalika mamita 1,773. Mapiri otere amaima njii pakati pa minda chifukwa mwala wake umachedwa kufumbutuka kusiyana ndi miyala youzungulira. Wachibale wina, yemwe ndiye wochuluka m'dera lonseli, ndi gneiss. Uyu nthawi zambiri anali granite poyamba, kenaka anatenthedwa ndi kufinyidwa pansi pa nthaka osasungunuka kwenikweni, mpaka njere zake zinandanda m'mizere yakuda ndi yoyera, pena yowongoka, pena yopindikapindika. Aliyense amene anachapapo zovala pathanthwe la kumtsinje m'boma la Chiradzulu anaiona mizereyi.

Akatswiri oyamba a miyala m'dziko muno, monga Frank Dixey yemwe anatsogolera nthambi yofufuza za miyala ku Zomba kuyambira mu 1921 mpaka 1939, ankatha kunena mwala womwe unayamba ndi womwe unabwera pambuyo. Lamulo lake n'losavuta: mtsempha wa mwala ukadula thanthwe, thanthwelo ndilo lalikulu, pakuti sungadule chinthu chomwe kulibe. Koma kudziwa mkulu ndi mng'ono si kudziwa zaka. M'miyala yochokera kumatope ndi mchenga mumapezeka mafupa ndi zotsalira za zamoyo zomwe zimathandiza, monga mafupa a Malawisaurus ku Karonga. Mu granite mulibe kanthu kotero, poti palibe fupa lomwe lingapulumuke m'chiphalaphala. N'chifukwa chake mapu akale, kuphatikizapo lipoti la R. K. Evans la mu 1965 lonena za miyala ya ku Shire Highlands, ankangounjika miyala yakale yonseyi pansi pa dzina limodzi, Basement Complex, kutanthauza maziko omwe zina zonse zinakhalapo.

Wotchi yosafuna kupukusa

Njira inatseguka mu 1896 ku Paris, pomwe Henri Becquerel anatulukira kuti yureniyamu, yemweyu amakumbidwa ku Kayelekera, amatulutsa mphamvu payekha popanda womusonkhezera. Patapita zaka zochepa zinadziwika kuti potulutsa mphamvuyo, maatomu ake amasweka n'kusanduka zinthu zina, gawo ndi gawo, mpaka amathera pokhala mtovu. Mu 1907 Bertram Boltwood wa ku America anaona kuti miyala yakale kwambiri imakhala ndi mtovu wochuluka poyerekeza ndi yureniyamu wake, ndipo anayesa kuwerengera zaka pogwiritsa ntchito kusiyanako.

Chomwe chimapangitsa kuswekaku kukhala wotchi ndi chakuti liwiro lake silisintha. Mwala utenthe, uzizire, ufinyidwe, umizidwe m'nyanja, maatomuwo amaswekabe pa liwiro lomwelo. Ndipo amasweka mwa dongosolo lachilendo: pakapita nthawi yakutiyakuti, theka la omwe alipo limakhala litasanduka. Ikapitanso nthawi yomweyo, theka la otsalawo limasandukanso.

Zili ngati thumba la chimanga losokedwa bwino lomwe munalowa anankafumbwe a khalidwe lodabwitsa, oti chaka chilichonse amadya theka lenileni la chimanga chomwe chatsala. Pakutha pa chaka choyamba, pa makilogalamu 50 patsala 25, enawo asanduka fumbi. Chaka chachiwiri patsala 12 ndi theka. Mlendo yemwe sanaone tsiku lomwe thumbalo linasokedwa angathe kulitsegula, kupima chimanga pachokha ndi fumbi palokha, n'kunena zaka zomwe lakhala. Angalakwitse pa zifukwa ziwiri zokha: ngati m'thumbamo munali kale fumbi posoka, kapena ngati linabooka fumbi lina n'kutayika.

Yureniyamu ali ndi mitundu iwiri yofunika pano. Wa nambala 238 amatha theka pa zaka 4,468 miliyoni n'kusanduka mtovu wa nambala 206. Wa nambala 235 amafulumira, amatha theka pa zaka 704 miliyoni n'kusanduka mtovu wa nambala 207. Choncho mumwala wa zaka 1,040 miliyoni, pa maatomu 100 aliwonse a mtundu woyamba, pafupifupi 15 amakhala atasanduka mtovu, pomwe pa 100 a mtundu wachiwiri amakhala atasanduka 64. Mumwala wa msinkhu wa Mulanje, pa 100 a mtundu woyamba amakhala atasanduka awiri okha.

Anthu ambiri anamvapo za kaboni 14, ndipo amaganiza kuti ndiye amayezera chilichonse chakale. Ayi. Kaboni 14 amatha theka pa zaka 5,730, ndipo amagwira ntchito pa zinthu zomwe zinali zamoyo, monga makala ndi mafupa okumbidwa m'mapanga, zosapitirira zaka pafupifupi 50,000. Angathandize pa moto womwe anthu anasonkha pansi pa Mwalawolemba. Pa thanthwe lenilenilo alibe mawu.

Kanjere kouma mutu

Vuto linali kupeza chinthu mumwala chomwe chinayamba chopanda mtovu ndipo sichitaya mtovu. Chinapezeka: ndi zircon, kanjere kakang'ono kolimba, kotalika mwina gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a milimita, komwe kamamera m'chiphalaphala cha granite chikamazizira.

Zircon ali ndi tsankho lothandiza. Akamakula amalandira yureniyamu, chifukwa atomu yake imakwana bwino m'kati mwake, koma mtovu amaukana. Ndiye kuti pafupifupi mtovu wonse womwe ungapezeke m'kanjereko lero unabadwira momwemo. Ndi wolimbanso modabwitsa. Thanthwe likafumbutuka n'kukhala dothi, iye amatsala, n'kutengedwa ndi madzi mpaka kumchenga wa m'mbali mwa nyanja. Thanthwe likatenthedwa mpaka madigiri 800 kapena kuposerapo, pakati pake pamasungabe mtovu wake. Chinthu chakale kwambiri chodziwika chomwe chinaumbika padziko lino ndi kanjere ka zircon ka ku Jack Hills ku Australia, ka zaka 4,404 miliyoni, pomwe dziko lenilenilo lili ndi zaka pafupifupi 4,550 miliyoni malinga ndi zomwe Clair Patterson anapeza mu 1956.

Pali khalidwe lina lomwe ndilo lofunika kwambiri pa nkhani ya kuno. Thanthwe likatenthedwanso patapita zaka mamiliyoni ambiri, zircon wakale uja amamera chikopa chatsopano kunja kwake. Pakati pamakhala tsiku lobadwa la mwalawo, m'mphepete mumakhala tsiku lomwe unakumana ndi moto wachiwiri. Kanjere kamodzi kangathe kusunga nkhani ziwiri zotalikirana ndi zaka 500 miliyoni.

Nanga kanjereko katakhala kuti kanataya mtovu wina? Apa m'pomwe mitundu iwiri ya yureniyamu ija imathandiza. Ndi mawotchi awiri m'chipinda chimodzi, oyenda pa liwiro losiyana. Akagwirizana pa chaka chimodzi, katswiri amakhulupirira yankholo. Akasemphana, amadziwa kuti mtovu unathawa, ndipo njira yomwe George Wetherill anakonza mu 1956 imamuthandiza kuwerengera tsiku lobadwa pamodzi ndi nthawi yomwe mtovuwo unatayika, akayeza njere zambiri za mwala umodzi.

Kuchokera pathanthwe kukafika kulabotale

Ntchito imayamba ndi nyundo yaikulu. Katswiri safuna mwala wapamwamba womwe waphikidwa ndi dzuwa ndi mvula. Amafuna wam'kati, wolira ngwee akaumenya, n'chifukwa chake amakonda kukwale ndi m'malo omwe msewu unadula phiri. Amaswa makilogalamu angapo, amalemba malo enieni ndi GPS, amajambula mmene mizere yapendekera, n'kulongedza.

Kulabotale mwalawo amaupera mpaka ukhale mchenga, n'kuusefa. Kenaka amautsuka patebulo logwedera lomwe limasiyanitsa njere zolemera ndi zopepuka, amachotsa zachitsulo ndi maginito, zotsalazo n'kuziika m'madzi olemera kwambiri momwe quartz ndi feldspar amayandama koma zircon amamira. Pa mulu wonse uja pamatsala kafumbi kosadzaza nsonga ya supuni. Munthu amakhala pa maikulosikopu n'kumatola kanjere kamodzikamodzi, kuzimata muulimbo wouma gwa, n'kuzikhula mpaka pakati pake paonekere. Akaziwalitsa ndi ma elekitironi, zigawo zam'kati zimaoneka: apa pakati pakale, apa chikopa cha pambuyo pake.

Makina omwe anasintha zinthu ndi SHRIMP, omwe William Compston ndi anzake anapanga ku Australian National University ku Canberra cha m'ma 1980. Amaboola kadzenje ka ma mikironi 20 mpaka 30, kosafika ndi theka la kunenepa kwa tsitsi la munthu, n'kuwerenga maatomu a yureniyamu ndi mtovu otulukamo. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito kuwala kwa laser, komwe n'kofulumira ndi kotsika mtengo. Yankho limatuluka ndi malire ake, mwachitsanzo zaka 530 miliyoni, kuonjezapo kapena kuchotsapo 3 miliyoni. Wina angaseke kuti kuphonya ndi zaka 3 miliyoni si kulondola. Koma pa 530, kumeneko n'kuphonya kosafika gawo limodzi pa 100.

Mnyamata yemwe anadwala ku Mozambique

Mbiri ya njirayi ili ndi phazi limodzi m'chigawo chino cha Africa. Mu 1911 Arthur Holmes, mnyamata wa zaka 21 wa ku England, anayeza mwala wa ku Norway n'kupeza zaka 370 miliyoni. Chaka chomwecho, posowa ndalama, analowa ganyu yofufuza miyala ya mtengo wapatali kumpoto kwa Mozambique. Chuma sanachipeze, anangotengako malungo oopsa. Koma gneiss wa kumeneko sanamuiwale. Mu 1948, pamsonkhano waukulu wa akatswiri a miyala ku London, anaonetsa kuti miyala yakale ya mu Africa si mulu umodzi, ili m'malamba a zaka zosiyana, ndipo lamba woyenda kuchokera ku Mozambique kudzera ku Malawi, Tanzania ndi Kenya anamutcha Mozambique Belt. Mikolongwe ili m'lamba ameneyu.

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, njira yofala inali yoyeza potaziyamu ndi mpweya wa argon mu mica. Mayankho a m'madera ambiri a mu Africa ankangozungulira pa zaka 500 miliyoni, moti mu 1964 W. Q. Kennedy wa ku Leeds anatcha nyengoyo Pan-African. Manambalawo sanali abodza, koma ankayankha funso lina. Argon ndi mpweya, ndipo mwala ukatentha amathawa, wotchiyo n'kuyambiranso pa ziro. Choncho zaka 500 miliyonizo zinkanena nthawi yomwe miyala inazizira komaliza, osati yomwe inabadwa. Panafunika zircon kuti nkhani ya m'mbuyo mwake imveke.

Zomwe miyala ya ku Blantyre ndi Zomba inaulula

Mu 2001 Alfred Kröner wa ku yunivesite ya Mainz ku Germany ndi anzake anasindikiza zaka za zircon wa mu gneiss wotengedwa ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Anapeza nyengo zitatu. Granite woyamba analowa pakati pa zaka 1,040 ndi 929 miliyoni zapitazo. Wachiwiri analowa pakati pa 710 ndi 555 miliyoni. Kenaka, pakati pa 571 ndi 549 miliyoni, miyala yonseyo inatenthedwa mpaka madigiri pafupifupi 900, pansi pa kulemera komwe kumapezeka pa kuya kwa makilomita oposa 30. Mu 2019 Blackwell Manda, katswiri wa ku Malawi konkuno, ndi anzake anatulutsa zotsatira zina za granite wa kummwera kwa dziko lino. Anapeza wina wa zaka pakati pa 1,130 ndi 1,030 miliyoni, wina wa 530 mpaka 515 miliyoni, ndi wina wa 118 miliyoni.

Manambala paokha ndi ouma. Amayamba kulankhula akaikidwa pamodzi ndi chomwe chimadziwika za kayendedwe ka dziko. Chigoba cholimba cha pamwamba pa dzikoli si chimodzi: ndi chosweka m'zibenthu zikuluzikulu zomwe zimasuntha masentimita ochepa pachaka. Zikapatukana pamatseguka nyanja. Zikakumana, pansi pa nyanja pamalowa kunsi kwa chibenthu chinzake n'kumira, ndipo madzi omwe pamatulutsa amasungunula miyala ya pamwamba pake, chiphalaphala n'kukwera. Izi zikuchitika lero kumapiri a Andes ku South America. Granite wa zaka 1,000 miliyoni wa kuno, akayezedwa zomwe zili m'thupi mwake, amafanana ndi wa malo otero. Ndiye kuti panthawiyo dera lomwe lero ndi Chiradzulu linali pafupi ndi m'mphepete mwa chibenthu, nyanja ikumira pansi pake, mapiri ophulika ali pamwamba. Mapiriwo anatha kalekale. Chomwe chatsala ndi mizu yake.

Nkhaniyi siithera pamalire a Malawi. Granite wa msinkhu womwewu amapezeka ku Chipata m'dziko la Zambia, ku Niassa, komanso ku Tete komwe kuli miyala yakuda yolemera ya nyengo yomweyo. Akatswiri amaiona ngati mbali ya kusonkhana kwa makontinenti kukhala chimtunda chimodzi chotchedwa Rodinia. Kumpoto kwa Malawi nkhani ndi ina: granite wa ku Nyika ali ndi zaka pafupifupi 1,930 miliyoni, kuposa wa ku Shire Highlands pafupifupi kawiri. Dziko laling'onoli ndi losokedwa kuchokera ku zidutswa za mibadwo yosiyana.

Rodinia anasweka, nyanja zatsopano zinatseguka, kenaka zinatsekekanso. Potsekekapo makontinenti anaombana, ndipo pakati pa zaka 650 ndi 500 miliyoni zapitazo panabadwa Gondwana, chimtunda chomwe chinalumikiza Africa, South America, India, Madagascar, Antarctica ndi Australia. Makontinenti awiri akaombana palibe womira, poti onse ndi opepuka. Nthaka imapindika, imakwerana, imanenepa kawiri, ndipo pamamera mapiri monga a Himalaya, omwe anatuluka India itagunda Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Madigiri 900 aja ndi kuya kwa makilomita 30 kuja ndi chizindikiro cha kuombana kotero. Granite wakale anafinyidwa n'kusanduka gneiss, zircon wake n'kumera chikopa cha zaka 550 miliyoni. Zaka zomwezi, ndi kutentha kofanana, zimapezekanso m'miyala ya ku Sri Lanka, kummwera kwa India, Madagascar ndi Dronning Maud Land ku Antarctica, malo omwe lero alekanitsidwa ndi nyanja yaikulu koma panthawiyo anali oyandikana.

Apa pali chinthu chovuta kuchimeza. Thanthwe lomwe mbuzi zikudumphapo ku Mikolongwe linali pansi pa miyala yokhuthala makilomita oposa 30, kuwirikiza kakhumi kutalika kwa nsonga ya Sapitwa yomwe ili mamita 3,002. Yonseyo inapita kuti? Yambiri inatengedwa ndi mvula ndi mitsinje, nthaka ikutukuka pang'onopang'ono pomwe katundu wa pamwamba ankachepa. Ntchitoyi nthawi zambiri siioneka, koma pena imachitika usiku umodzi. Napolo wa ku Zomba mu 1946, wa ku Phalombe mu 1991, ndi matope omwe anatsika m'mapiri a Soche ndi ku Chiradzulu nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, n'kupha anthu ambiri, ndi mbali ya ntchito yomweyo yogwetsa mapiri.

Alendo obwera mochedwa

Gondwana atakhazikika, miyala ya kuno inakhala chete kwa nthawi yaitali. Kenaka chimtundacho chinayamba kung'ambika. M'zigwa zomwe zinatitimira munadzaza mchenga ndi zomera zomwe lero ndi malasha a ku Mchenga ku Rumphi ndi a ku Moatize ku Tete. Cha m'ma 180 miliyoni, chiphalaphala chakuda chinasefukira m'madera ambiri a kummwera kwa Africa, kuphatikizapo chigwa cha Shire, Antarctica ikuyamba ulendo wake wopita kummwera.

Pakati pa zaka pafupifupi 135 ndi 105 miliyoni zapitazo, chiphalaphala cha mtundu wina chinakwera m'ming'alu ya kummwera kwa Malawi n'kuboola gneiss wakale uja. Chinaumira pansi, ndipo miyala yofewa youzungulira itakokoloka, chinatsala chili chiimire. Amenewa ndi mapiri a Mulanje, Michesi, Zomba ndi Malosa, awiri omalizawa a zaka pafupifupi 113 miliyoni. Dixey ndi anzake anafotokoza banja limeneli mu 1937 n'kulitcha dzina la nyanja ya Chilwa. Alibe mizere yofinyika ngati ya gneiss, pakuti anafika nkhondo ya makontinenti itatha zaka 400 miliyoni m'mbuyomo.

M'banja lomweli muli miyala yosowa yotchedwa carbonatite, ya pachilumba cha Chilwa, Tundulu, Songwe Hill ku Phalombe ndi Kangankunde ku Balaka. Mmenemu ndimo muli ma rare earth omwe makampani akulimbirana lero chifukwa amafunika m'maginito a magalimoto amagetsi. Koma graphite wa ku Malingunde ndi rutile wa ku Kasiya amachokera mu gneiss wakale wofumbutuka. Wofufuza mgodi yemwe sadziwa m'badwo wa mwala womwe waimapo angathe kumwaza ndalama kubowola pomwe palibe. N'chifukwa chake, ndege za Kauniuni zitauluka dziko lonse mu 2013 ndi 2014 kuyeza maginito ndi mphamvu za m'nthaka, panatsatira ntchito ya GEMMAP kuyambira mu 2016, yomwe nthambi ya ku Zomba inagwira ndi mabungwe a ku France, Finland ndi South Africa, yojambulanso mapu a miyala ndi kuyeza zaka za miyala yambiri. Chodandaulitsa n'chakuti pa kafukufuku woyeza zaka za miyala ya kuno yemwe watchulidwa m'nkhani ino, miyala inkachita kukwera ndege kukayezedwa kunja, ndipo dziko lomwe likuika chiyembekezo chake pa migodi liyenera kuganizapo bwino pamenepa.

Zipsera zakale, zivomezi zatsopano

Chochitika chomaliza chikadali m'kati. Kummawa kwa Africa kukung'ambika kuchokera ku Ethiopia mpaka ku Mozambique, ndipo Nyanja ya Malawi, yozama mamita pafupifupi 700, ili mumng'alu umenewu pamodzi ndi chigwa cha Shire. Poyerekeza ndi zina zonse, izi n'zatsopano, za zaka mamiliyoni ochepa chabe, ndipo mbali ziwirizi zikutalikirana ndi mamilimita owerengeka pachaka. Shire Highlands, komwe kuli Mikolongwe, ndi phewa lotukuka la chigwacho. Woyenda kuchokera ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa pa Thabwa amakhala akutsika mng'alu weniweniwo.

Nthaka ikamang'ambika imasankha pofooka, ndipo nthawi zambiri pofookapo ndi m'mizere ya gneiss ija yomwe inafinyidwa nthawi ya Gondwana. Akatswiri a m'mayunivesite a Bristol ndi Cardiff, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, apeza kuti mng'alu wa Thyolo, wotalika makilomita oposa 80, umatsata mizere yakaleyo m'mbali zambiri za ulendo wake. Wa Bilila-Mtakataka, wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Balaka kulowera ku Dedza ndi Salima, umaitsata m'malo ena n'kuidula m'malo ena. Utali wa mng'alu ndi wofunika chifukwa ukakhala wautali ndi wosadukizadukiza, chivomezi chomwe ungabweretse chimakhalanso chachikulu. Chivomezi cha ku Salima pa 10 Marichi 1989 ndi zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinali za mphamvu ya pafupifupi 6, ndipo zinagwetsa nyumba zambiri. Kuwerengera kwa akatswiriwa kukuonetsa kuti mng'alu wa Bilila-Mtakataka utasuntha wonse nthawi imodzi, ungathe kubweretsa chivomezi choposa mphamvu ya 7. Zotsatirazi zasonkhanitsidwa m'kaundula wa ming'alu yamoyo ya m'Malawi, yemwe cholinga chake n'kuthandiza okonza malamulo a kamangidwe ka nyumba, masukulu ndi milatho m'madera oyandikana ndi ming'aluyo.